Kupempha thandizo kwa munthu wosakudziwani: poyambira ndi posiyira

Usiku wina ndinatsika basi mumzinda umene ndinali ndisanafikemo. Foni inali itazima, batire litatha kalekale, ndipo adiresi ya kumene ndinkapita inali mufoni momwemo. Ndinaona mayi wina akuyenda mwandawala patsogolo panga. Ndinamuthamangira, n'kumugwira paphewa ndili kumbuyo kwake: "Foni yanu kaye, ndiimbireko." Mayi uja anadumpha, anakumbatira chikwama chake pachifuwa, n'kuwoloka msewu osacheuka. Ndinatsala pamenepo ndikung'ung'udza kuti anthu a masiku ano alibe chisoni. Panapita masiku ndisanavomere kuti wolakwa ndinali ine. Mayiyo anathawa munthu amene anamudzidzimutsa mumdima, ndipo akanakhala mlongo wanga ndikanamuuza kuti wachita bwino.

Kuchokera usiku umenewo ndakhala ndikuonetsetsa mmene anthu amapemphera thandizo m'masiteshoni, m'maofesi, m'zipatala, ngakhale m'mauthenga obwera pafoni kuchokera ku manambala achilendo. Amene amathandizidwa msanga ndi amene amamupeputsira ntchito winayo. Amamuchotsa mantha, amamuuza msanga chimene akufuna, ndipo amamusiyira khomo lotulukira ngati sangathe. Wachibale amakupirirani ngakhale mwabwera ndi mwano, poti ndi magazi amodzi. Munthu wosakudziwani alibe nanu ngongole. Amakuyezani ndi masekondi ochepa amene mwaima patsogolo pake, ndipo malangizo ali m'munsiwa ndi a mmene mungagwiritsire ntchito masekondi amenewo.

1. Yambani ndi mantha anu omwe

Mwano wambiri popempha umabadwa m'manyazi. Munthu amayandikira, n'kubwerera, n'kuyandikiranso, ndipo akalimba mtima amangolavula mawu ngati akulamula kuti athane nazo msanga. Wina safunsa n'komwe, amangopitiriza njira yolakwika mpaka miyendo itatopa. Paja safunsa anadya phula.

Manthawa amaposa vuto lenileni. Mu 2008 ofufuza awiri, Francis Flynn ndi Vanessa Bohns, amene nthawiyo ankadziwika ndi dzina lakuti Lake, anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachitira pa yunivesite ya Columbia ku New York. Ankatuma ophunzira kukapempha anthu osawadziwa tinthu ting'onoting'ono: kuyankha mafunso a papepala, kubwereketsa foni, kuwaperekeza kunyumba ina ya pasukulupo. Asananyamuke ankawafunsa kuti akuganiza kuti afikira anthu angati asanapeze ovomera okwanira. Pa za mafunso a papepala, pofuna anthu 5 ovomera, ophunzirawo ankayerekeza kuti apempha anthu pafupifupi 20. Anapempha pafupifupi 10 basi, ntchito n'kutha.

Choncho pumani kaye. Mwayi woti akuthandizeni ndi waukulu kuposa mmene mtima ukukunamizirani, ndipo munthu wosachita mantha amalankhula modekha.

2. Konzani pempho musanatsegule pakamwa

Dzifunseni kuti mukufuna chiyani kwenikweni, ndipo yankho likwane m'chiganizo chimodzi. "Ndasochera" ndi dandaulo chabe, wolimva sadziwa poligwira. "Ndikufuna khomo lokwerera sitima yopita kumpoto" ndi pempho, munthu atha kuloza ndi chala n'kupitiriza ulendo wake. Ngati pali dzina la msewu, la ofesi kapena la mankhwala, likhale papepala kapena pafoni, lokonzeka kuonetsa. Yang'ananinso kaye zikwangwani zimene zili pafupi. Palibe chimagwetsa ulesi ngati kufunsidwa kumene kuli chimbudzi ndi munthu amene waima pansi pa chikwangwani cholozera kuchimbudziko.

3. Sankhani munthu, sankhani mphindi

Apa ndi pamene ambiri timagwa, chifukwa timangogwira amene ali pafupi. Munthu wabwino kwambiri akhoza kukukanani chifukwa choti mwamupeza pa mphindi yoipa.

Mu 1973 John Darley ndi Daniel Batson anaonetsa zimenezi mochititsa manyazi ndithu. Anatenga ophunzira zaubusa a ku Princeton n'kuwauza kuti apite kunyumba ina kukalankhula, ena mwa iwo pa fanizo la Msamariya wachifundo. Panjira anaikapo munthu atakhala chogwa, akutsokomola ndi kubuula. Ena mwa ophunzirawo anauzidwa kuti nthawi ilipo, ena anauzidwa kuti achedwa kale. Mwa amene sankafulumira, 63 pa 100 alionse anathandiza. Mwa ochedwa aja, 10 okha pa 100. Ena anachita kumudumpha munthuyo, akuthamangira kukalalikira za chifundo. Ngati kuchedwa kumachita zotero kwa ophunzira zaubusa, musayembekeze zambiri kwa munthu amene akuthamangira basi yomaliza.

Ndiye penyani mapazi ndi manja. Woyenda mofulumira, wolankhula pafoni, wonyamula katundu manja onse, wotonthoza mwana amene akulira, wowerenga ndalama, onsewa muwaleke. Fikirani amene wakhala pansi kapena waima akudikira, amene maso ake akungoyendayenda. Koposa onse, yambani ndi anthu amene ali pantchito pamalopo: mlonda, wogulitsa matikiti, wosesa, wolandira alendo. Amadziwa malowo kuposa wodutsa, ndipo kufunsidwa sikuwadabwitsa.

Ganiziraninso mmene inuyo mukuonekera kwa winayo. Mwamuna wamkulu kufikira mkazi amene ali yekha usiku ndi kumuika pa mayeso osafunikira, ngakhale mtima wanu uli woyera ngati mkaka. Pitani pamene pali kuwala, fikirani anthu awiri kapena atatu amene ali limodzi. Ana musawapemphe thandizo ngati pali wamkulu pafupi. Makolo ambiri amaphunzitsa ana awo kuti munthu wamkulu wofuna thandizo kwa mwana ndi woyenera kumuthawa, ndipo sakulakwitsa.

4. Mufikireni poonekera

Bwerani chakutsogolo kapena chapambali, kuti akuoneni musanalankhule. Imani patali pang'ono, kupitirira pamene mkono wanu ungafike. Edward T. Hall, amene anafufuza za mtunda umene anthu amasiyirana, anapeza kuti malo ozungulira thupi mpaka pafupifupi mamita 1.2 anthu ambiri amasungira abale ndi anzawo. Mtundawu umasiyana dziko ndi dziko, koma lamulo losavuta n'lakuti winayo akabwerera m'mbuyo, inu musasunthe kumutsatira.

Manja aoneke. Vulani mahedifoni onse awiri, chotsani magalasi akuda. Musamugwire, ngakhale pamkono wa malaya. Musamutsekere njira, imani moti akafuna kupitirira apitirire osakukankhani. Ndipo musamuitane ndi mluzu kapena kumukodola ndi chala muli chikhalire. Wofuna thandizo ndi amene amanyamuka.

5. Mawu oyamba

"Pepani" kapena "zikomo" amagwira ntchito imene kugogoda kumagwira pakhomo. Nenani, kenako dikirani kamphindi kuti munthuyo atembenuke. Ambiri amathira pempho lonse winayo maganizo ake akadali kwina, ndiye amayenera kubwerezanso, ulendo uno onse awiri atayamba kale kunyansidwa.

Moni akhale wamfupi koma asasowe. "Pepani bambo, muli bwanji? Ndifunseko pang'ono." Basi. Wosamudziwa aliyense ndi "inu", ngakhale akuoneka wamng'ono kwa inu, ngakhale wavala zong'ambika. "Iwe" ndi "aise" sungirani anzanu. "Bambo" ndi "mayi" sizilakwika kawirikawiri, ndipo "achimwene" kapena "achemwali" zimakhala bwino kwa a msinkhu wanu. Samalani ndi "agogo". Ndinaonapo nkhope ya mayi wina ikusintha ngati kumwamba kwa mvula ataitanidwa choncho ndi mnyamata amene ankangofuna kudziwa nthawi.

Ulemu wopyola muyeso nawo umaononga. Munthu akayamba ndi "bwana wanga, akuluakulu, Mulungu wakutumani ndithu", womva amayamba kugwira thumba, chifukwa umo ndi mmene akathyali amayambira. Chimodzimodzi ndi kupepesa kosatha. Kupepesa kamodzi n'kokwanira. Mukapepesa kasanu, winayo amakakamizika kuyamba kukutonthozani m'malo mokuthandizani.

Ngati muli kumene chilankhulo chake simuchidziwa, phunzirani mawu atatu musanafikeko: opepesera, operekera moni ndi othokozera. Kenako funsani ngati akumva chilankhulo chimene inu mumadziwa, musangoyamba kuchilankhula ngati kuti ndi udindo wake kuchimva. Akapanda kumva, lankhulani pang'onopang'ono, lozani, jambulani papepala. Kukweza mawu sikumasulira chilichonse.

6. Nenani chimene mukufuna, kukula kwake, ndi chifukwa chake

Munthu akaimitsidwa, funso loyamba mumtima mwake limakhala lakuti, kodi zimenezi zinditengera chiyani? Muyankheni asanafunse. "Ndi funso limodzi lokha." "Ndi mphindi ziwiri." "Ndikungofuna mundigwirire chitseko ndilowetse njingayi." Akadziwa kukula kwa katundu, amasankha momasuka kunyamula kapena ayi.

Kenako perekani chifukwa, chachifupi. Mu 1978 Ellen Langer ndi anzake anayesa zimenezi pa anthu odikira kugwiritsa ntchito makina a fotokope mulaibulale ina ku New York. Wina ankabwera n'kupempha kuti adutse patsogolo ndi mapepala 5. Akangopempha popanda chifukwa, 60 pa 100 alionse ankalola. Akanena kuti ali pachangu, ankalola 94. Chodabwitsa chinali chakuti akanena chifukwa chopanda mutu, chakuti akufuna kuchita fotokope, ngati kuti enawo abwerera zina, ankalolabe 93. Anthu ambiri amakonda kusimba nkhaniyi mpaka pomwepa, ngati umboni woti chifukwa chilichonse chimagwira ntchito. Koma ofufuzawo anayesanso ndi mapepala 20. Apo chifukwa chopanda mutu chija sichinathandize konse: analola 24 pa 100, chimodzimodzi ndi pamene panalibe chifukwa, pamene chifukwa chenicheni chinakweza ovomera kufika pa 42. Pempho likakula, anthu amamvetsera zimene mukunena. Ndiye nenani zoona.

Zoona zake zikhale zazifupi. Musayambire kumene munabadwira. Munthu amene akuyamba ndi mbiri yaitali ya mavuto ake, pempho n'kulisungira kumapeto, amamuika winayo m'khola: akufuna kuchoka koma akuopa kuoneka wouma mtima. Pempho lizitsogola, mbiri ibwere ngati yafunsidwa.

Chinthu chimodzi chimene ine ndimadana nacho ndi pempho lomera nthambi. Wina amafunsa nthawi, mukamuuza akufunsa njira, mukamulozera akuti mumuperekeze, pofika pakona akufuna ya basi. Ngati mukufuna ndalama, nenani poyamba pomwe, tchulani kuchuluka kwake ndi ntchito yake. Ngati n'zotheka pemphani chinthucho osati ndalama: "Mungandigulire tikiti pawindopo?" Zimenezi zimachotsa chikayiko chimene aliyense amakhala nacho, ndipo chikayikocho musakwiye nacho, chifukwa anthu ambiri ananamizidwapo.

7. Musiyireni khomo lotulukira

Sitepe iyi ndi imene imasiyanitsa kupempha ndi kukakamiza, ndiye tikhalitsepo.

Flynn ndi Bohns aja atafufuza chifukwa chimene opempha amayerekezera molakwika, anapeza kuti wopempha amaiwala mmene kukana kumavutira. Kuuza munthu amene wakuyang'anani m'maso kuti "ayi" kumachititsa manyazi, ndipo ambiri amavomera pothawa manyazi amenewo. Izi zili ndi mbali ziwiri. Mbali yokoma ndi yoti mudzathandizidwa kawirikawiri. Mbali inayo ndi yoti muli ndi mphamvu pa munthu amene mwamuimitsa, ndipo mukhoza kumuchititsa chinthu chimene sakufuna, iye n'kupita kwawo akudziguguda pachifuwa. Munthu waulemu amadziwa mphamvu imeneyi ndipo amaichepetsa dala.

Amaichepetsa ndi mawu ochepa: "Ngati muli pachangu, musadandaule." "Ngati n'zosatheka, ndifunsa ena." "Zili kwa inu." Mwina mukuganiza kuti kunena zimenezi ndi kudzitchera msampha wekha, kumupatsa munthu chifukwa chothawira. Zimene zinapezeka ku France ndi zosiyana. Mu 2000 Nicolas Guéguen ndi Alexandre Pascual anatuma anthu kukapempha odutsa mumsewu tindalama tokwerera basi. Pempho wamba linavomeredwa ndi anthu 10 pa 100 alionse. Atawonjezera mawu akuti munthuyo ali ndi ufulu wovomera kapena kukana, ovomera anafika pafupifupi theka. Munthu akaona kuti khomo n'lotsegula, safulumira kutuluka.

Komabe mawuwa asakhale nyambo. Mukanena kuti akhoza kukana, akakana muvomereze. "Chabwino, zikomo," n'kusuntha. Osafunsa chifukwa. Osabwereza pempho ndi mawu ena. Osatsonya, osayang'ana kumwamba, osalankhula chapansipansi akamachoka. Simukudziwa chimene wanyamula tsikulo. Mwina akuchokera kuchipatala, mwina anaberedwapo foni ndi munthu amene anabwera ndi mawu ngati anu omwewo. Ndiponso kumbukirani kuti amene mumufikire kachiwiri akukuonani. Waona mmene mwalandirira kukanidwa, ndipo wasankha kale.

Samalani ndi "ayi" wosatchulidwa. Anthu ambiri sakana poyera. Amati "kaya", "sindikudziwa bwino", amayang'ana wotchi, amapitiriza kuyenda akukuyankhani. Kumeneko ndi kukana, ndipo ulemu ndi kukumva kusanachite kunenedwa kawiri.

8. Pamene akukuthandizani

Mvetserani mpaka amalize. Akakulozerani njira, bwerezani mwachidule kuti akukonzeni: "Ndiye ndipite chonchi, pa mphambano yachiwiri ndikhotere kumanzere?" Ngati mukuona kuti akulakwitsa, musatsutsane naye. Thokozani, yendani pang'ono, kafunseni wina kumene iye sakukuonani. Anthu ena amaloza njira imene sakuidziwa chifukwa choopa kukukhumudwitsani, choncho kufunsa anthu awiri si kunyoza woyambayo.

Za kubwereka foni zili ndi malamulo akeake, poti foni ya munthu masiku ano muli ndalama zake, zithunzi za ana ake ndi zinsinsi zake. Usiku uja, mayi uja atathawa, ndinabwerera pakhomo la siteshoni pamene panali magetsi. Panaima bambo wina wachikulire akudikira womutenga. Ndinaima patali, ndinapereka moni, ndinamuonetsa foni yanga yozimayo. "Pepani bambo, batire latha ndipo sindikudziwa kumene ndikupita. Mungandiimbire nambala imodzi? Foniyo igwireni nokha, ine ndingolankhula." Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu. Kenako anatulutsa foni, ine ndikutchula manambala, iye akudina ndi chala chimodzi. Anayatsa sipika n'kuigwira m'mwamba pakati pathu ngati kandulo. Sizinathe mphindi imodzi. Nditathokoza anandifunsa ngati ndadziwa kokwerera, n'kundilozera.

Chitani momwemo. Mwini foni aimbe yekha ndipo aigwire yekha. Akakupatsani m'manja, musasunthe pamalopo, musatembenuke kumupatsa msana, musatsegule china chilichonse. Lankhulani zofunika zokha, moni wa kunyumba mukaperekere kunyumba. Uzani amene mwamuimbirayo kuti nambalayi ndi ya munthu wina, asadzaimbenso. Zomwezi ndi cholembera, tchaja, pampu ya njinga: bwezani m'manja mwa mwini wake, musasiye patebulo kuti adzatole.

9. Thokozani, kenako chokani

Muyang'aneni, nenani zikomo, tchulani chimene wachita: "Zikomo kwambiri mayi, mwandipulumutsa, ndikanakwera yolakwika." Ngati wataya ndalama chifukwa cha inu, monga mayunitsi kapena mafuta a galimoto, nenani kamodzi kuti mubweze. Akakana, musamukakamize, ndipo musamuponyere ndalama m'thumba. Pali anthu amene amakhumudwa mukasandutsa chifundo chawo kukhala malonda.

Mukatero chokani. Mlendo ndi mame. Kukulozerani njira sikutanthauza kuti akufuna kucheza nanu ulendo wonse, ndipo si chilolezo chopempha nambala yake. Amuna anzanga, apa ndikunena inu makamaka.

Kwa amene kuthandiza ndi ntchito yake

Pali maganizo akuti wapakauntala, namwino kapena woyankha foni za makasitomala safunika ulemu poti amalipidwa. Tsiku lina ndili pamzere muofesi ina ndinaona anthu awiri otsatizana, onse ndi fomu yofanana. Woyamba anaiponya pakauntala: "Ndakhala pano kuyambira m'mawa, inu mukungocheza!" Kalaliki anaiyang'ana, n'kunena mosakweza mawu kuti bokosi lachitatu silinalembedwe, akalembe abwerenso. Sananame, ndipo bamboyo anabwerera kumapeto kwa mzere. Wachiwiri anafika n'kuti, "Pepani mayi, ndalemba zonse koma bokosi ili landivuta. Ndilembemo chiyani?" Mayi uja anatenga cholembera chake, anafunsa mafunso awiri, analemba yekha, n'kudinda.

Wogwira ntchito aliyense ali ndi zimene lamulo limamukakamiza kuchita, ndiye ali ndi zina zimene angachite akafuna: kukuuzani njira yachidule, kuimbira mnzake wa ofesi ina, kukudikirani mphindi zisanu nthawi yotsekera itakwana. Zachiwirizi sizigulidwa ndi ukali. Ngati muli ndi dandaulo lenileni, linenani, koma lilunjike pa vutolo. Amene ali patsogolo panuyo kawirikawiri si amene analemba lamulo limene lakukwiyitsani.

Pangozi, malamulo amasintha

Munthu akakomoka, moto ukabuka, mwana akasowa pagulu, iwalani moni. Apa ulemu ndi kulankhula momveka. Vuto la pagulu ndi lakuti aliyense amaganiza kuti wina achitapo kanthu. Mu 1968 John Darley yemwe uja ndi Bibb Latané anachititsa ophunzira kumva, kudzera pa zolankhulira, mnzawo ngati wagwidwa ndi khunyu. Amene ankaganiza kuti akumva okha, 85 pa 100 alionse anathamanga kukanena. Amene ankaganiza kuti pali ena anayi akumvanso, anathamanga 31 okha.

Choncho musakuwe kuti "thandizeni" kwa gulu lonse n'kulekera pomwepo. Lozani munthu mmodzi, mutchuleni ndi chimene wavala, mupatseni ntchito imodzi. "Bambo a malaya ofiira inu, imbani foni kuitana ambulansi." "Mayi inu, ndigwirireni mwanayu." Munthu akalozedwa sangabisalenso m'gulu, ndipo ambiri amachita kumasuka poti tsopano adziwa chochita. Kuthokoza kudzabwera pambuyo.

Polembera munthu amene sakukudziwani

Pempho lolembedwa ndi lofooka kuposa mmene timaganizira. Mu 2017 Mahdi Roghanizad ndi Vanessa Bohns anatuma anthu 45, aliyense kukapempha anthu 10 osawadziwa kuti ayankhe mafunso. Ena anapempha pamaso, ena pa imelo, ndi mawu ofanana. Kupempha pamaso kunaposa kwa pa imelo kuwirikiza ka 34. Wolandira uthenga saona nkhope yanu, samva mawu anu, ndipo kukana kwake n'kosavuta, amangosiya osayankha. Ngati nkhaniyo ndi yofunika ndipo munthuyo mungathe kumufikira, pitani.

Ngati n'kulemba basi, uthenga woyamba unyamule zonse. Musatumize "Moni" yekha n'kumadikira, kenako "Muli bwanji", kenako "Ndifunseko". Wotanganidwa sayankha moni wa nambala yachilendo, chifukwa sadziwa chimene chikubwera kumbuyo kwake. Nenani kuti ndinu ndani, nambala kapena adiresi yake mwaipeza bwanji, mukufuna chiyani, mwayesa kale chiyani, ndipo yankho likufunika pofika liti. Mwachitsanzo: "Moni mayi. Ndine wophunzira za unamwino, chaka chachiwiri. Adiresi yanu ndaipeza pa nkhani imene munalemba yokhudza kusamalira mabala. Ndili ndi funso limodzi pa ndime yachitatu, ndalilemba pansipa. Ndafufuza m'mabuku athu koma sindinapeze yankho. Ngati mulibe nthawi, ndimvetsa."

Musalembe ndi zilembo zazikulu zokhazokha, zimamveka ngati kukalipa. Mawu akuti "mwachangu" muwasiye, pokhapokha changucho chikukhudzanso wolandirayo. Uthenga wa mawu wa mphindi zinayi kwa munthu wosakudziwani ndi katundu, ndipo kuimba foni ya vidiyo musanapemphe kuli ngati kulowa kuchipinda osagogoda. Onaninso nthawi: kumene iye ali mwina ndi pakati pa usiku.

Akapanda kuyankha, dikirani masiku angapo, mukumbutseni kamodzi mwaulemu, kenako musiyeni. Akayankha, musamuthire mafunso ena khumi nthawi yomweyo. Yesani zimene wakuuzanizo, ndipo mukatha bwererani mumuuze mmene zathera, ngakhale zitakanika. Mizere iwiri ndi yokwanira: "Ndinachita mmene munanenera, zatheka. Zikomo kwambiri chifukwa cha nthawi yanu." Ngati zakanika, nenani pamene zakanikira, chifukwa mwina pamenepo ndi pamene iye akudziwa chochita.